Mbiri ya mudzi wathu ku Ntcheu: mapepala akale ndikawapeze kuti?

Nachisale wa ku Lizulu

Moni nonse akuluakulu. Ndine mphunzitsi kuno ku Ntcheu, ndipo akuluakulu a kumudzi kwathu andisenzetsa ntchito yolemba mbiri ya mudzi kuti ana adzaipeze. Zapakamwa ndatola kale kwa agogo angapo, koma pali zinthu zitatu zimene sakugwirizana: chaka chimene mudzi unatsika m'phiri boma litaika malire a nkhalango yake yotetezedwa, mndandanda wa amene analowa ufumu, ndi chaka chimene sukulu ya mishoni inayamba. Ena akuti ndipite ku Zomba, ena akuti ku Nkhoma, ena akuti zonse zili pa intaneti. Thumba ndi lopyapyala, tchuthinso n'chachifupi. Ndiyambire pati, ndipo ndikafika ndikapemphe chiyani kwenikweni?

Ngozo wa ku Bawi

Mayi aphunzitsi, musanakwere basi ya ku Zomba mudziwiretu chimene chimabweza anthu ambiri chimanjamanja. Ku National Archives, nkhokwe ya mapepala akale a boma ku Zombako, mapepala sanasanjidwe potsata dzina la mudzi kapena mutu wa nkhani. Anasanjidwa potsata ofesi imene inawalemba. Mukangofika n'kunena kuti "ndikufuna mbiri ya mudzi wakuti", adzakulandirani bwino koma shelefu yotero kulibe. Choncho mudzifunse muli pakhomo: pa nkhani iyi, ndani anali ndi chifukwa chogwira cholembera? Za nkhalango analemba ndi a zankhalango, DC, ndi Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma. Za ufumu analemba ndi DC ndi bwana wake woyang'anira chigawo. Za sukulu analemba ndi amishoni, ndipo kuyambira 1926 dipatimenti ya maphunziro ya boma.

Chachiwiri ndi mayina. M'mapepala a atsamunda boma lathu ndi Ncheu, lopanda t, ndiye mukamafufuza m'mindandanda ndi kalembedwe ka lero mudzalidumpha. Zaka zoyambirira dera lino linkawerengedwa mu Upper Shire pamodzi ndi Liwonde, pamene Dedza inali mu Central Angoniland pamodzi ndi Lilongwe ndi Dowa. Mkulu wa boma poyamba ankatchedwa Collector, kenako Resident, dzina la DC linabwera pambuyo. Dzina la mudzi wanu mulilembe m'njira zonse zimene mzungu womva mwa apo ndi apo akanalilembera: l m'malo mwa r, ch m'malo mwa tch, h wochotsedwa, M kapena N woyamba wotayika. Muzikawerenga mokweza pang'ono mumtima, khutu limazindikira dzina limene diso lalephera.

Chachitatu chikukhumudwitsani, koma ndi bwino muchimve pano. M'chaka cha 1919 maofesi akulu a boma ku Zomba anapsa, ndipo mafayilo ambiri a zaka za m'mbuyo anapsera momwemo. Archives yeniyeniyo inadzatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives ya ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. N'chifukwa chake mafayilo a ku likulu amachuluka kuyambira cha m'ma 1919 kupita kutsogolo.

Tsopano chokapempha. Choyamba penipeni ndi District Notebook ya Ncheu, ena amati District Book. Ili linali buku lokhala mu ofesi ya DC, ndipo bwana aliyense ankaonjezeramo zake kuti womulowa m'malo asayambire pa ziro. Mumapezeka mayina a mafumu ndi anyakwawa, midzi imene ili pansi pa aliyense, chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho, za misewu ndi mishoni, ndi timawu ta bwanayo pa khalidwe la mfumu iliyonse. Vuto lake n'loti ndime zambiri zilibe deti. Muziyang'ana pamene dzanja lasintha kapena inki yasintha, ndipo mufananize ndi mndandanda wa mabwana amene anakhalapo kuti mudziwe pafupifupi zaka zimene ndimeyo inalembedwa. Dzina lofufutidwa ndi mzere n'kulembapo lina pamwamba, apo ndiye pali golide wanu: mfumu inamwalira kapena inachotsedwa.

Pali zaka ziwiri zofunika kuzigwira pa nkhani ya ufumu. Mu 1912 boma linakhazikitsa lamulo loika mafumu ena kukhala Principal Headman ndi kusonkhanitsa midzi pansi pawo, ngakhale kuti silinayambe kugwira ntchito m'maboma onse nthawi imodzi. Mu 1933 kunabwera ulamuliro wodzera mwa mafumu wotchedwa Native Authority pamodzi ndi makhothi a mafumu. Pa nthawi ziwirizi ma DC ankafunsa kwambiri kuti wamkulu ndani, anabwera poyamba ndani, ndiye makalata a mikangano ya ufumu amaunjikana m'zaka zimenezo. Mabuku a milandu a m'makhothi a mafumu ankalembedwa ndi alembi achikuda, kawirikawiri m'Chinyanja, ndipo mlandu wa malire a munda kapena wa banja umatchula anthu, midzi ndi mitsinje kuposa lipoti lililonse la mzungu.

Mukatero mupemphe malipoti apachaka a boma la Ncheu ndi malipoti a ulendo, amene bwana ankalemba akamayendera midzi. Olondola madeti ndi a ulendowa, chifukwa amati tsiku lakuti ndinagona pamudzi wakuti, nyumba zinali zingapo, mfumu inadandaula zakuti.

Manambala a mafayilo asakuopseni. Oyamba ndi S1 ndi a ku likulu, ndipo manambala awiri omaliza ndi chaka chimene fayilo inatsegulidwa, moti yothera ndi 31 inatsegulidwa mu 1931, ngakhale mkati mwake mungapezeke makalata a zaka zotsatira. Oyamba ndi NC ndi a chigawo chapakati, NS chakummwera, NN chakumpoto, ndipo a maboma amaonjezera chilembo chachitatu. Poti malire a zigawo ankasinthasintha, za Ncheu muzifufuze ku NC ndi ku NS komwe. Mafayilo ambiri a zaka zoyandikira ufulu sali m'mindandanda yaikuluyo, ali m'mapepala amene maofesi ankatumiza pamodzi ndi mabokosi, otchedwa transmittal list. Muwapemphe ndi dzina lomwelo.

Fayilo ya boma imawerengedwa kuyambira pansi, chifukwa kalata yakale ili kunsi, yatsopano pamwamba. Ndipo musadumphe timapepala ta kutsogolo tolembedwa pamanja pomwe mabwana ankayankhana okhaokha. Kalata yotayipa imanena chimene boma linagamula, timapepalato timanena chifukwa chake.

Nambewe wa ku Mtakataka

A Ngozo afotokoza bwino za ku Zomba, koma ine ndikanati mayi aphunzitsi asayambire kumeneko. Ayambire ku mpingo, chifukwa ndi pafupi, ndipo mayina a anthu wamba ali m'mabuku a mpingo osati a boma. Boma linkawerenga nyumba, mpingo unkalemba anthu.

Mufunse kaye kuti sukuluyo inali ya mpingo uti, pakuti Dedza ndi Ntcheu anagawana mishoni zambiri. Akatolika a Montfort anayamba pa Nzama mu 1901. A White Fathers anafika ku Mua mu 1902, kenako Mtakataka ndi Bembeke. A Dutch, amene lero ndi Sinodi ya Nkhoma, analandira Livulezi kuchokera kwa a Livingstonia, n'kudzatsegula Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi chaka chotsatira. Ku Dombole ndi ku Ntonda kunali a Zambezi Industrial Mission, ku Gowa kunayamba a Baptist kenako kunalowa a Churches of Christ. Mabuku a mudzi wanu ali ku siteshoni imene inkayang'anira deralo pa nthawiyo, osati ku parishi kapena mpingo umene mukupempherako lero, umene mwina unadulidwa posachedwa.

Kwa Akatolika mupemphe kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. Akalewo mitu yake ili m'Chilatini, ndipo mayina anawatembenuza, Petulo ndi Petrus, Yohane ndi Joannes. Mukaona filius ndi mwana wamwamuna, filia wamkazi, ndipo chotsatira ndi mayina a makolo ndi mudzi. M'mphepete ansembe ankaonjezera za ukwati wa munthuyo patapita zaka, ndiye tsamba limodzi likhoza kukulumikizirani mibadwo iwiri. Palinso buku la tsiku ndi tsiku limene siteshoni iliyonse ya a White Fathers inkasunga, lolembedwa m'Chifalansa. Mmenemo mumalembedwa kuti lero tatumiza mphunzitsi kwa mfumu yakuti, kapena a gule atentha sukulu ya kwakuti, kapena mfumu yakuti yamwalira. Mufunika wina wodziwa Chifalansa, ndipo za Mua ndi bwino kufunsira ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Kwa a CCAP mupemphe mabuku a akalasi, a ubatizo, ndi maminitsi a misonkhano ya akulu a mpingo. Maminitsiwa ambiri ali m'Chinyanja, muwerenga nokha. Makalata amene amishoni ankatumiza kwawo ali m'Chidatchi ndi Chiafrikaans, ndipo ambiri amasungidwa ku Stellenbosch ku South Africa.

Pali misampha iwiri. Deti la ubatizo si deti lobadwa. Oyambirira ankabatizidwa ali akuluakulu, ndipo kwa a White Fathers munthu ankaphunzira zaka 4 asanabatizidwe. Wobatizidwa mu 1915 akhoza kukhala wobadwa nkhondo za Angoni zisanathe. Msampha wachiwiri ndi wa sukulu yanuyo. Agogo anu mwina onse akunena zoona, kungoti akunena zinthu zosiyana: wina akukumbukira chaka chimene mphunzitsi woyamba anafika n'kumaphunzitsira pansi pa mtengo, wina chimene boma linailemba n'kuyamba kuithandiza, wina chimene anamanga ya njerwa. Pakati pa madeti amenewa pakhoza kudutsa zaka 30. Muwalembe onse atatu, lililonse ndi dzina lake. Muonenso ngati log book yakale ya sukuluyo idakalipo mu kabati ya ahedi.

Polowa, pitani ndi kalata ya abusa anu kapena bambo mfumu a parishi yanu, ndi ina ya amfumu. M'mabukumu muli zamseri za mabanja, za oikidwa pa chilango, za ana obadwa kunja kwa ukwati, ndipo adzukulu awo ali moyo. Akakukanizani kujambula musalimbane nawo, khalani pansi mukopere mizere yokhudza mudzi wanu yokha.

Nachisale wa ku Lizulu

Zikomo kwambiri a Ngozo ndi mayi Nambewe, maso atseguka. Sukulu yathu inali ya a Dutch, ndiye ndiyambira ku Mlanda. Nanga za kale moto wa 1919 usanachitike ndiye kuti zinapitiratu? Ndipo pa intanetipo palibiretu kanthu koti ndiyambire ndisanayende?

Mlembi wa ku Linthipe

Sizinapitiretu ayi, achemwali. Chinapsa ndi cha ku likulu ku Zomba. Mabuku amene anali m'maofesi a maboma ndi ku mishoni sanali m'nyumba imeneyo, ndipo kalata iliyonse yofunika imene bwanamkubwa wa dziko lonse ankatumiza ku London inasungidwa kumeneko pamodzi ndi zomata zake. Zili ku National Archives ya Britain, ku Kew mu London. Dziko lino linali pansi pa Foreign Office, unduna wa za kunja wa Britain, mpaka 1904, choncho za zaka za m'mbuyomo zili m'mafayilo oyamba ndi FO, makamaka FO 2. Kuyambira 1904 linali pansi pa Colonial Office, unduna wa maiko a atsamunda, ndiye zili mu CO 525, ndipo za m'ma 1950 mu CO 1015. Palinso FCO 141, mafayilo amene atsamunda ananyamula pochoka m'maiko awo n'kuwabisa mpaka anawatulutsa kuyambira 2012, ndipo a Nyasaland alimo. Pofufuza mukumbukire kuti dzina loti Nyasaland linayamba mu 1907, kale linali British Central Africa.

Koma ndikuuzeni mosabisa: za ku London sizidzatchula mudzi wanu pokhapokha ngati panachitika chinthu chachikulu. Za kuphedwa kwa Gomani woyamba mu 1896 zilimo. Za 1953, pamene Inkosi Philip Gomani anakana chitaganya n'kuuza anthu kuti asamvere malamulo a malimidwe ndi msonkho, boma n'kumuchotsa, zilimo zambiri, pakuti nkhaniyo inakhudzanso M'busa Michael Scott amene anathamangitsidwa m'dziko muno. Poti inu ndi a ku Lizulu, kumene kunali likulu la mfumuyo, mwina pamenepo mudzapezapo mayina a kwanu. Mndandanda wa mafayilo a ku Kew, wotchedwa Discovery, ndi waulere pa intaneti, koma mumangoona mitu ya mafayilo. Mapepala enieniwo ambiri sanaikidwe pa intaneti, kuitanitsa makope kumadya ndalama zakunja.

Zaulere zimene mungawerenge pa foni ndi izi. British Library ili ndi pologalamu yotchedwa Endangered Archives Programme, imene inathandiza kujambula mabuku ena a maboma ndi a ma Native Authority a kuno ku Malawi, ndipo zithunzizo zili poyera. Muyese kulembamo Ncheu, Dedza ndi dzina la mfumu yaikulu ya kwanu. Malipoti apachaka a dziko lonse a nthawi ya atsamunda aliponso pa intaneti, kungoti amalankhula za dziko osati za mudzi. Magazini ya Nyasaland Journal, imene inayamba mu 1948 ndipo lero ndi Society of Malawi Journal, ili pa JSTOR, tsamba la pa intaneti losunga magazini a zamaphunziro, ndipo mukalembetsa amakulolani kuwerenga nkhani zingapo pamwezi osalipira. Bungwe la Society of Malawi, eni magaziniyo, lili ndi laibulale ku Mandala ku Blantyre, kumene kuli mapepala a W.H.J. Rangeley, bwana wachitsamunda amene ankalemba kwambiri za mafuko ndi mafumu. Mukakhala ku Zomba mupitenso ku yunivesite mukafunse mapepala amene ophunzira a mbiri ankalemba m'ma 1960 ndi m'ma 1970. Ankafunsa nkhalamba za kwawo zimene zinaona nkhondo za Angoni ndi maso, anthu amene inu simungawapezenso.

Za nkhalango sizinayankhidwe bwino, ndiye ndiikepo mawu. Nkhalango iliyonse ya boma inalengezedwa mu Gazette, ndipo chilengezocho chimafotokoza malire: kuyambira pa mtsinje wakuti, kutsata phiri lakuti, kufika pa chizindikiro chakuti. Zambiri za kuno zinalengezedwa m'ma 1920, mwachitsanzo Chongoni mu 1924. Mukapeza deti la nkhalango yanu, mupemphe malipoti a DC a chaka chimenecho ndi zaka zitatu zotsatira, chifukwa anthu sankasamuka tsiku la chilengezo. Ankakolola kaye, ankakana, ena ankabwerera. Muganizirenso izi: midzi yambiri inakwera m'mapiri pothawa nkhondo, ndipo inayamba kutsika yokha nkhondo zitatha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, malire a nkhalango za boma asanaikidwe n'komwe. N'kutheka kuti mudzi wanu unasamuka kawiri, ndipo m'kamwa mwa agogo misamuko iwiriyo yaphatikizana. Muwafunse kuti manda akale alipo angati ndipo ali pati. Manda sasokoneza zaka ngati mutu wa munthu.

Njira yokokera deti kwa agogo si kufunsa chaka. Mufunse kuti zinachitika chisanachitike kapena chitachitika chakuti: mtengatenga wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, fuluwenza ya 1918 ndi 1919, sitima itayamba kudutsa ku Golomoti ndi Mtakataka kupita ku Salima mu 1935, njala ya 1949, kuchotsedwa kwa Gomani mu 1953, chipwirikiti cha 1959.

Chomaliza, Lizulu ali pa malire. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko la Angoni a Maseko pakati, phiri la Domwe linatsala tsidya la Mozambique. Anthu ankaoloka pothawa msonkho kapena ntchito yokakamiza, uku ndi uko. Mudzi ukasowa m'mabuku a Ncheu kwa zaka zingapo, mwina sunathe, unali ku Angonia, tsidya lomwelo.

Nankhoma wa ku Bembeke

Ine ndinene za manja, chifukwa anthu ambiri amapeza fayilo yoyenera koma n'kubwera kunyumba ndi zithunzi 800 zosadziwika mutu wake.

Mufunse kaye za chilolezo chojambula ndi mtengo wake musanatulutse foni. Akakulolani, chithunzi choyamba pa fayilo iliyonse chikhale chikuto chake, pooneka nambala ndi mutu. Kenako tsamba lililonse motsatana, osasankha, ndi kumbuyo komwe ngati kwalembedwa. Tsamba limene lero mukuliona lopanda ntchito ndi lomwe mudzalifune mwezi wamawa. Mukamaliza fayilo mujambule tebulo lopanda kanthu kuti pakhale malire ndi yotsatira. Madzulo omwewo muike zithunzi za fayilo iliyonse mu foda yake, dzina la foda likhale nambala ya fayilo, ndipo mukopere pena, pa memori khadi kapena pa kompyuta ya mnzanu. Chithunzi chimodzi chooneka bwino chimadya pafupifupi 3 MB, ndiye masamba 1,000 ndi 3 GB. Muchotseretu mavidiyo m'foni, mutengenso power bank. Musazitumize pa WhatsApp ngati njira yosungira, imazichepetsa mpaka zilembo za pensulo siziwerengeka.

Fulashi muzimitse. Mukhale pafupi ndi windo, foni ilunjike pamwamba penipeni pa pepala osati chammbali. Makope a kaboni ali pa timapepala topyapyala toonekera, ndiye zilembo za tsamba la pansi zimalowerera. Muikepo pepala loyera kunsi kwake, ziyera zokha. Masamba ena anaphatikizana ndi dzimbiri la mapini, musakoke, itanani woyang'anira. Osanyowetsa chala ndi malovu, osatsamira pa fayilo, osasintha dongosolo la masamba ngakhale likuoneka losokonekera. Polemba ndi pensulo basi.

Ngakhale mukujambula, kope likhale pambali. Pa chilichonse chimene mwapeza mulembe nambala ya fayilo, mutu wake, nambala ya tsamba, deti la kalata, wolemba ndi wolandira. Mawu amene mwakopera ndendende muwaike m'zizindikiro, maganizo anu muwalembe mbali ina ya tsamba, apo ayi patapita miyezi simudzadziwa kuti ananena ndi DC kapena ndinu. Mulembenso mafayilo amene munatsegula osapezamo kanthu, kuti musadzawaitanitsenso.

Fayilo ikabwera yankho loti sikupezeka, musataye mtima. Nthawi zina inabwezedwa m'bokosi lolakwika, kapena nambala inakopedwa molakwa pa kapepala kopemphera. Kalata imodzi inkakhala ndi makope m'maofesi atatu, kwa DC, ku chigawo ndi ku likulu, ndiye ikasowa uku muifunefune uko. Pamwamba pa kalata iliyonse pamakhala nambala ya fayilo ya ofesi imene yachokera, itsatireni. Mafayilo amatenga nthawi kuti atuluke, choncho mupereke mapempho a mawa lero musanaweruke.

Musaiwale za m'masutikesi a kumudzi konko: ziphaso za msonkho, makhadi a ubatizo, mapepala a ku Wenela, timabuku ta asilikali a KAR (King's African Rifles), makalata ochokera ku Salisbury ndi ku Joni, Mabaibulo olembedwa mayina a ana kutsamba loyamba. Chiphaso cha msonkho chimatchula mudzi, nyakwawa ndi chaka, ndiye zikapezeka khumi za zaka zosiyana mwapeza kale mndandanda wa mafumu. Muzijambulire pakhomo pa mwini wake n'kumubwezera pomwepo. Osazimata ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Osazipititsa kokaika laminesheni, kutentha kumaononga inki ndipo sizichokanso. Osazisunga mu jumbo, makamaka kuno kozizira kwa nkhungu, chinyontho chimatsekeredwa mkati n'kuchita nguwi. Envelopu ya pepala, m'bokosi, pamwamba, kutali ndi khoma ndi chiswe.

Ngozo wa ku Bawi

Mayi Nambewe akunena zoona, Mlanda ikhale yoyamba, ndipo mukafika ku Zomba muli ndi mayina m'manja mudzachita m'masiku ochepa zimene ena amachita mwezi. Ndabweranso chifukwa cha mndandanda wa mafumu uja, pakuti pamenepo ndi pamene mapepala amanamiza anthu kwambiri.

Dzina la ufumu limalowedwa. Mukaliona mu 1914 n'kuliona mu 1950, si munthu mmodzi, mwina ndi atatu. Kwa mfumu iliyonse mufune dzina lake la pa ubwana, la ubatizo ngati linalipo, ndi mfunda wake, ndipo m'kope mwanu muziwapatsa manambala.

Kenako mawu a chibale. DC ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo ankalemba monga mwa kwawo. Akalemba kuti walowa ndi "son" wa malemu, akhoza kukhala mwana wobala, mwana wa mchimwene wake, kapena mphwake mwana wa mlongo wake. Akalemba "brother" akhoza kukhala wa bere lina. Kuno kwathu zimenezi si zazing'ono, chifukwa Angoni amalowa kuchimuna, Achewa kuchikazi, ndipo m'midzi yambiri ya Ntcheu ndi Dedza miyambo iwiriyi inasakanikirana. Musamange mzere wa banja pa liwu limodzi la mzungu. Mufananize ndi kaundula wa mpingo amene amatchula mayi ndi bambo, ndi zimene ntchembere za mbumbayo zikunena.

Mudziwenso kuti amene ankafotokozera DC mbiri anali ndi zofuna zake. Mu 1912 ndi mu 1933 kunena kuti "ife tinafika poyamba" kunali ndi phindu: udindo, khothi, gawo la msonkho. Mbiri ya mu District Notebook ndi mbiri yapakamwa yomweyo, kungoti inalembedwa kale, ndipo inalembedwa kuchokera kwa amene anali pafupi ndi bwana tsiku limenelo. Mfumu yolembedwa kuti ndi yaulesi kapena yosamvera kawirikawiri ndi imene inkabisa anthu ake pa msonkho kapena pa mtengatenga. Pamene pepala ndi agogo zasemphana, mulembe zonse ziwiri m'buku lanu n'kunena kuti ichi chachokera kwakuti, ichi kwakuti. Chaka chokha chimene DC analemba kuti wavomereza mfumu yatsopano ndicho mungachikhulupirire kwambiri, komabe ndi chaka chovomereza boma, mwambo wolonga ufumu ukhoza kukhala kuti unachitika chaka chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo.

Ndikuchenjezeninso mwaubale. Anthu akangomva kuti aphunzitsi abwera ndi mapepala a ku Zomba, padzapezeka ofuna kuwatengera kubwalo pa mkangano wa ufumu kapena wa malo. Mugwirizane ndi amfumu ndi eni mbumba musananyamuke kuti zimene mupeze zidzawerengedwa pamaso pa onse, ndipo aliyense wofuna kope adzalandira fayilo yonse osati tsamba limodzi lomukomera.

Popita ku Zomba mutenge chiphaso chanu cha unzika, kalata ya ahedi kapena ya amfumu yofotokoza ntchitoyo, mapensulo, ndi pepala limodzi lolembapo mayina a midzi, a mafumu ndi a mitsinje m'kalembedwe kosiyanasiyana, pamodzi ndi zaka zimene mukufuna. A ku Archives muwaimbire kapena kuwalembera sabata isanafike kuti mumve za malipiro ndi nthawi yotsegulira, ndipo mukonze zofika Lolemba m'mawa, chifukwa tsiku loyamba limathera pa kulembetsa ndi kuwerenga mindandanda.